Dizilo wam'zigubu ndi ma injector: malangizo kwa anzathu oyendetsa galimoto ku Joni

Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku Rosettenville ndi bambo wina wa kwathu, mmodzi mwa awa amanyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi. Galimoto yawo ya pikapu (bakkie) inali italongedwa kale mpaka pamwamba, mafiriji, matilesi, njinga, ngolo kumbuyo nayo yodzaza, koma injini ikungonjenjemera, utsi woyera uli tolo. Anandiuza kuti, "Achimwene, dzana yomweyi imayenda bwinobwino." Titamasula fyuluta ya dizilo n'kukhuthulira za mkatimo m'botolo loyera, pansi pa botolo panakhala madzi ndi litsiro, ndipo dizilo wake anali wopepuka, wonunkhira palafini. Anali atagula malita 100 kwa munthu wina woyenda ndi zigubu, pamtengo wotsikirapo ndi marandi angapo pa lita. Ndalama imene anapulumutsa sinafike ngakhale theka la mtengo wa injector imodzi (kachipangizo kopopera dizilo mu injini), ndipo zinawonongeka zinayi zonse pamodzi ndi pampu. Eni katundu anadikira milungu itatu.

Ndalemba izi chifukwa cha bambo amenewa ndi ena ambiri a ku Turffontein, Mayfair, Cosmo City ndi Diepsloot amene galimoto ya dizilo ndiwo munda wawo. Munthu akadziwa zimene zimachitika mkati mwa injini, malangizo enawo savuta kuwasunga.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwa mu mpweya wotenthawo amayaka yekha. Koma dizilo wamadzimadzi sayaka bwino. Nonse munasonkhapo moto: chipika chachikulu chimangofuka, koma mukachiwaza n'kukhala tinkhuni ting'onoting'ono moto umagwira msanga. Ntchito ya injector ndi imeneyo, kuwaza dizilo kuti akhale nkhungu. Amene munapoperapo mankhwala m'munda wa thonje kapena wa tomato mukudziwa kusiyana kwa sipuleya yotulutsa nkhungu yosalala ndi ija yongodontha. Yodonthayo imatha mankhwala koma mbozi osafa.

Kusiyana kwake n'kwakuti mphamvu ya mu injini ndi yoopsa. Tayala la galimoto timalipopa mpweya wa mabar 2 kapena 3. Injini za masiku ano zotchedwa common rail (rail ndi paipi imodzi yogawira dizilo ku ma injector onse), zomwe zinayamba kufala kampani ya Bosch itayamba kupanga zida zake mu 1997, zimakankha dizilo pa mabar 1,600 mpaka 2,000, zina kuposa apo. Dizilo ameneyo amatulukira pa timabowo ta nozzle (kamlomo ka injector) tosasiyana kwenikweni ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi kapena awiri, pa liwiro loposa mamita 400 pa sekondi. Injini ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, injector iliyonse imagwira ntchito maulendo 1,000 pa mphindi imodziyo, ndipo pa ulendo uliwonse imatha kupopera kangapo, koyamba kadontho kochepa koyambitsira moto, kenako kwenikweniko. Mukayendetsa maola 10 ndiye kuti kasingano ka mkati mwa injector iliyonse katseguka ndi kutseka kopitirira ka 600,000. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi makilomita opitirira 1,600. Werengani nokha.

Nkhungu yokha sikwanira, iyenera kusakanikirana ndi mpweya, ndipo nthawi yosakanizirayo ndi yochepa kuposa kuphethira kwa diso. Apa ndi pamene pali nkhani imene akatswiri akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 100. Mu 1883, ku Manchester, Osborne Reynolds ankathira kamzere ka utoto m'madzi oyenda mu paipi yagalasi. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, utotowo unkangotsetsereka ngati ulusi osasakanikirana ndi kanthu. Akawonjezera liwiro, ulusi uja unkasweka n'kuvundukira paipi yonse. Ndi zimene mumaona pa Shire: pa Liwonde madzi amayenda mwaulemu, koma pa mathithi a Kapichira amawinduka, kuzungulira, kuchita thovu. Mu injini timafuna za pa Kapichira. Opanga injini amakhotetsa dala njira yolowera mpweya ndi kukumba kambale pamwamba pa pisitoni kuti mpweya uzichita kamvuluvulu, monga mayi amavundulira phala ndi mthiko kuti ufa usachite mibulu. Harry Ricardo wa ku England anatchuka ndi kafukufuku wa kamvuluvulu ameneyu, ndipo kapangidwe kake kotchedwa Comet, ka m'ma 1930, kanagwiritsidwa ntchito mu injini zambiri za dizilo zakale. Mu 1997, John Dec wa ku Sandia National Laboratories ku America anaonetsa zimene anapeza pounika ndi laser mkati mwa injini yokhala ndi mawindo: mwaye umapangikira mkati mwa nkhungu ya dizilo, pamene mafuta achuluka koma mpweya wachepa, ndipo umakapsa ukafika m'mphepete pamene pali mpweya wokwanira. Utsi wakuda umene mumauona ku ekizozi ndi mwaye umene sunapeze mpweya woutentha. Ndi dizilo amene munalipira, akupita kumwamba osakoka kanthu.

Tsono ife a ku Joni tili ndi vuto lathulathu. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa ku Durban. Lita imodzi ya dizilo imafuna mpweya wosachepera malita 10,000 kunyanja kuti ipse yonse. Kuno imafuna pafupifupi 12,000. Galimoto yokhala ndi turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imabweza gawo lalikulu la mpweya wosowawo, koma lole yakale yopanda turbo, jenereta ndi pampu yamadzi zimafooka ndithu. Munthu akagula jenereta yolembedwa mphamvu yakutiyakuti asayembekezere kuti kuno ipereka yonseyo, ndipo akaisenzetsa katundu wofika pa nambala yolembedwayo idzafuka ndi kutentha. N'chifukwa chake fyuluta ya mpweya kuno si yoichedwetsa, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala pamene mphepo imaulutsa fumbi la m'milu ya migodi. Musamaipemerere ndi kompuresa yamphamvu, pepala lake limang'ambika mosaoneka ndipo fumbi limangodutsa. Ikada, sinthani. Ndipo ndikupempheni, makaniko wina akakuuzani kuti awonjezera dizilo pa pampu kuti galimoto ikoke kwambiri pa mtunda, funsani kaye kuti mpweya wowonjezerawo uchokera kuti.

Tibwerere ku zigubu zija. Zitsulo za mkati mwa pampu ndi injector zimakhudzana pa mpata wochepa kwambiri, ma micron owerengeka chabe, pamene tsitsi la munthu ndi ma micron pafupifupi 70. Zitsulo zimenezi sizilandira oilo wa injini. Chozitelereza ndi dizilo yemweyo. Palafini ndi wouma, satelera ngati dizilo. Akalowa, zitsulo zimayamba kupalana, tizidutswa tonyezimira ngati siliva timayenda ndi mafuta kufika ku ma injector onse, kubwerera ku thanki, n'kuzunguliranso. Zikafika apo kusintha injector yokha sikuthandiza, pamafunika kutsuka thanki, mapaipi ndi rail yomwe. Choipa china n'chakuti galimoto siidandaula tsiku loyamba. Imayenda bwino mwezi umodzi kapena iwiri, mwini wake n'kumauza anzake kuti wapeza dizilo wotchipa, anzakewo n'kutsatira.

Chifukwa chimene anthu amasakanizira n'chodziwika: palafini wounikira ndi kuphikira salipiridwa misonkho imene ili pa dizilo, choncho wosakanizayo amadya kusiyanako. Ndipo si a zigubu okha. Kumayambiriro kwa 2024 unduna woona za migodi ndi mafuta m'dziko lino unalengeza kuti unapeza malo omwetsera mafuta okwana 70 akugulitsa dizilo wosakaniza ndi palafini. Kuno boma limaika mtengo wa petulo, koma mtengo wa dizilo pa pampu aliyense amaika wake, kotero kusiyana pang'ono n'kwachibadwa. Koma mukaona malo amodzi atsitsa kwambiri kuposa ena onse a m'dera lomwelo, dutsani. Sankhani malo awiri kapena atatu amene magalimoto ambiri amamwera, muzimwera pomwepo, ndipo lisiti muzisunga, chifukwa tsiku lodandaula umboni wanu ndi umenewo. Galimoto ya common rail ipatseni dizilo wa 50ppm, kapena wa 10ppm kumene akupezeka. Nambalayo ikunena kuchuluka kwa sulfure, ndipo wa 500ppm asiyireni mathirakitala ndi injini zakale.

Ndikudziwa kuti a maulendo ataliatali simungapewe kunyamula dizilo wapadera, popeza m'njira muli madera amene mafuta amavuta. Chigubucho chikhale cha dizilo yekha, chotsekeka bwino, chosakhalapo madzi, mafuta ophikira kapena mankhwala. Musakhuthule mpaka dontho lomaliza, siyani kotsalira pansi chifukwa madzi ndi litsiro zimakhala kumeneko. Nsalu ya chitenje si sefa, imasiya ulusi wake m'mafuta ndipo fumbi loopsalo limadutsa osaima. Nyamulani fyuluta ya dizilo yatsopano imodzi ndi sipanala yake. Pa dashibodi pali kanyale kochenjeza za madzi mu fyuluta. Kakayaka imani, masulani kabomba ka pansi pa fyuluta, madzi atuluke mpaka muone dizilo woyera. Madzi amachititsa dzimbiri pa kasingano ka injector ndipo amatha kuphulitsa nsonga ya nozzle. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuno kumagwa chisanu usiku, gonekani galimoto thanki ili yodzaza, chifukwa thanki yopanda kanthu imachita thukuta mkati.

Posintha fyuluta, ambiri timaidzaza kaye ndi dizilo wam'botolo kuti galimoto isavute kulira. Pa injini zakale tinkachita zimenezo popanda vuto lalikulu, koma pa common rail ndiye kuti mwathira dizilo wosasefa kumbali yoyera. Ikani fyuluta youma, mupope ndi kapampu kamanja kali pamwamba pake, kapena mutsegule kiyi kangapo ngati galimoto yanu ili ndi pampu yamagetsi m'thanki. Fyuluta yotchipa yopanda dzina imene imagulitsidwa m'mbali mwa msewu ine sindiikhulupirira. Kunja imafanana ndi yeniyeni, koma pepala la mkati ndilo limagwira ntchito, ndipo simungalione.

Galimoto imanena ikayamba kudwala. Kuvuta kulira m'mawa ndi utsi woyera wotha pakapita mphindi imodzi nthawi ya chisanu kawirikawiri ndi ma glow plug (tizitsulo totenthetsa mkati mwa injini poiliza), si ma injector, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Utsi woyera woyabwa m'maso umene sukutha injini itatentha ndi dizilo wosapsa. Utsi wakuda pokwera mtunda, yambani mwaona fyuluta ya mpweya ndi mapaipi a turbo ngati sanang'ambike. Kugogoda ngati munthu akukhoma msomali, kunjenjemera galimoto itaima, ndi oilo wa injini amene akukwera m'malo motsika, zonsezi zimaloza ku injector yodontha, ndipo imeneyo musayende nayo ulendo wautali chifukwa imatha kuboola pisitoni. Mukaona phula lakuda louma kuzungulira injector, ndi kawashala ka kopa ka pansi pake kamene kakutulutsa mpweya. Kawashala kameneka sikabwezeredwa kakale. Injector ikazulidwa, kalowe katsopano.

Safunsa anadya phula. Musalole kuti ma injector anayi azulidwe n'kugulidwa ena musanaone umboni. Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kompyuta kuti aone mmene injini ikuwonjezerera kapena kuchepetsera dizilo pa silinda iliyonse. Kenako amalumikiza timabotolo tinayi ku timapaipi tobweza mafuta n'kuliza injini. Kabotolo kamene kadzaza msanga kuposa tinzake kakuonetsa injector yotha. Yokayikitsayo ipite ku malo okhala ndi benchi yoyesera, ndipo cha ku Booysens ndi ku Selby malo otere mungawapeze. Pemphani pepala la zotsatira. Injector yatsopano kapena yokonzedwa imabwera ndi nambala yake imene iyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto, apo ayi injini idzagogodabe. Tinakulira pa pulayimasi, timadziwa kutokosa kabowo kake ndi kawaya moto n'kuyera. Pa nozzle musayerekeze. Timabowo take tinasemedwa mwaluso mpaka m'kamwa mwake kuti nkhungu ifalikire molingana ndi kambale ka pisitoni, ndipo kawaya kapena burashi yachitsulo imawononga zimenezo kamodzi n'kamodzi.

Za thupi lanu tsopano, ndipo apa ndikulankhula kwambiri ndi anyamata amene mukuphunzira umakaniko m'magalaja a kuseri kwa nyumba. Injini ikulira, musafufuze podontha dizilo ndi chala, ndipo musamasule paipi ya injector kuti mumve ngati ikugwira ntchito monga tinkachitira pa injini zakale. Dizilo wa mphamvu imeneyo amaboola khungu ngati jakisoni, ngakhale mutavala magolovesi. Bala lake limaoneka ngati kaminga, ululu poyamba umakhala wochepa, koma mkati nyama imayamba kufa, ndipo anthu amaduka zala chifukwa chochedwa. Zikakuchitikirani pitani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kutupe, ndipo mukawauze adokotala momveka kuti ndi dizilo wolowa ndi mphamvu ya pampu, chifukwa bala lotere limafuna opaleshoni yotsuka mkati. Mukathimitsa injini dikirani mphindi zingapo musanamasule chilichonse pa rail.

Ndipo tsiku lina wothira mafuta akalakwitsa n'kukuthirani petulo m'thanki ya dizilo, musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono, chifukwa m'galimoto zambiri pampu imayamba kukoka mafuta kiyi ikangotsegulidwa. Ikankheni muichotse pa pampu, itanani mwini malowo aone lisiti, thankiyo ikhuthulidwe galimoto isanalire.