Momwe mungasungire bakayawo kuti asafiire kapena kuchita chuku

Ambiri amati nsomba ikalowa mchere yatha nkhawa. Ayi ndithu. Pali majeremusi ofanana ndi mabakiteriya, monga Halobacterium, amene amasangalala mumchere wambiri, ndipo amabwera ndi mchere womwewo, makamaka wa m'nyanja wowumitsidwa padzuwa. Ndiwo amafiiritsa bakayawo: mumaona mawanga otuwa mofiirira, mukakhudza n'kuterera, kenako fungo. Timadontho takhofi tokhala ngati tsabola wowaza ndi chuku cha mtundu wa Wallemia sebi.

Yambani ndi mchere. Ukazingeni pachiwaya pafupifupi theka la ola, uzizire. Mchere wogwirapo kale ntchito musaubwereze.

Ng'ambani nsomba, chotsani matumbo ndi mphuno zake zopumira, tsukani magazi a pamsana. Pa makilogalamu 3 a nsomba thirani kilogalamu imodzi ya mchere, wochuluka pomwe mnofu ndi wokhuthala. Sanjani mosinthanitsa, mchere, nsomba, mchere, m'chotengera choboola pansi kuti madzi azikha. Zazing'ono zimakwana tsiku limodzi kapena awiri. Zikuluzikulu zimafuna masiku angapo.

Tsukulani mchere wapamwamba, yanikani pathandala pomwe mphepo ikudutsa, osati pamchenga. Tsiku loyamba musaziike padzuwa lamphamvu: khungu limauma n'kutsekera madzi m'kati, ndiye nsomba imaoneka youma pomwe ikuola kufupa. Madzulo anulani, muziunjike n'kutsindira ndi thabwa kuti madzi a m'kati atuluke. Yauma ngati chala sichisiya dzenje mukadina.

Posunga, mdani ndi chinyontho. Chikapitirira 75 peresenti mumpweya, mchere umayamwa madzi, nsomba n'kuyamba thukuta. M'nyengo ya dzinja zimenezi n'zatsiku ndi tsiku. Matumba akhale pamatabwa, kutali ndi khoma, pozizira. Kufiira kukangoyamba, palani ndi bulashi m'madzi amchere, muyanikenso. Ikafewa n'kununkha, tayani. Ndipo chonde, mankhwala a anankafumbwe a m'chimanga si a pansomba.

Ogulitsa zambiri ali ndi njira ina, ya cheza. Si ya pakhomo: imachitikira m'mafakitale ovomerezeka, monga a ku South Africa, pomwe katundu amadutsa pa cheza cha gamma chochokera ku chitsulo chotchedwa cobalt-60. Nsomba youma bwino mumayamba mwaimata m'pulasitiki, chifukwa cheza chimapha zimene zilimo kale, sichiletsa zatsopano kulowa. Mlingo wosapitirira 1 kGy (kGy ndi muyeso wa kuchuluka kwa cheza) umathana ndi tizilombo tofumbwa nsomba, mphutsi ndi mazira omwe. Chuku chimafuna wokwererapo, koma mukakweza kwambiri nsomba zamafuta zimasintha fungo. Malamulo a Codex, omwe ndi a zakudya a padziko lonse, amaika malire pa 10 kGy pa zakudya zambiri. Chezacho sichitsalira m'nsomba, ndipo paketi imalembedwa kuti yadutsa pa cheza.

Musadalire cheza pa kufiira: Halobacterium amapirira cheza kuposa mabakiteriya ambiri, ndipo poizoni amene chuku china chasiya kale sachoka. Nsomba yopita kufakitale ikhale yosayamba kuwonongeka.