Msonkho wa nyumba ukakula kuposa thumba la agogo: zochita kuno ku Kasungu

Ndimakhala ku Chankhanga, ndipo chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi anthu achikulire a m'dera lathu amabwera kwa ine kuti ndiwawerengere mapepala ndi kuwalembera makalata. Pepala limene limawasowetsa tulo kwambiri ndi bilu ya msonkho wa nyumba, uja timangoti siti reti. Ambiri mwa iwo anamanga kalekale ndi ndalama ya fodya kapena ya penshoni, tawuni isanakule chonchi. Lero nyumba ili pamalo amtengo wapatali, koma mwini wake akudya za m'manja mwa ana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penshoni zija zinangotsala dzina.

Musadikire kuti bilu idzatsika yokha chifukwa mwakalamba kapena chifukwa mwakhala pa puloti imeneyo zaka makumi atatu. Mpumulo amaupeza ndi amene wanyamuka, wapita ku ofesi ndi mapepala ake, n'kupempha molemba.

Yambani ndi kudziwa chimene akukulipiritsani. Msonkho wa nyumba umapita ku khonsolo, ndipo umayenda motsata lamulo la maboma aang'ono la 1998. Ground rent ndi nkhani ina: ndi ndalama ya malo a lizi, imapita kwa amene anakupatsani lizi, kaya ndi unduna wa zamalo kapena bungwe lina. Ndaonapo amayi ena atasunga malisiti a ground rent mu chitini cha mabisiketi, mtima uli m'malo kuti alibe ngongole, pomwe ku khonsolo dzina lawo lili pa mndandanda wa osalipira. Choncho tulutsani mapepala onse, muwayale pa mphasa, muwasiyanitse poyang'ana chidindo ndi dzina la ofesi pamwamba pake.

Mukatero pitani ku ofesi ya zachuma ku khonsolo ya tawuni ya Kasungu. Tengani chiphaso cha unzika, nambala ya puloti, bilu yomaliza ndi lisiti lililonse limene muli nalo, ngakhale lakale long'ambika. Pemphani kuti akusindikizireni mbiri yonse ya akaunti yanu, yoonetsa msonkho wa chaka chilichonse, zimene munalipira, ndi chiwongoladzanja chimene chawonjezeredwa chifukwa chochedwa. Agogo asapite okha. Mdzukulu wodziwa masamu akhale pambali ndi cholembera, ayerekeze lisiti lililonse ndi zimene zili pa pepalalo. Pakapezeka ndalama imene munalipira koma sinalowe, lisitilo ndiye mboni yanu.

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama osadziwa. Msonkhowu sauwerengera poona kuti mumapeza zingati pamwezi. Amauwerengera pa mtengo umene akatswiri anaika pa malo anu ndi pa zomanga zimene zili pamenepo, ndipo mitengoyi imalembedwa m'kaundula amene mwa lamulo amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Pemphani kuona mzere wa puloti yanu m'kaundulamo. Kukula kwa malo n'kolondola? Alemba kuti ndi nyumba yogonamo kapena ya bizinesi? Kagolosale kamene kanali kumaso kanatsekedwa kale, koma kodi m'bukumo kanachoka? Nanga nyumba ya kuseri ija inagwa ndi mvula, sikuwerengedwabe? Zinthu zotere zimakweza bilu chaka ndi chaka. Kaundula watsopano akatuluka, amauika poyera kuti eni nyumba awuone ndipo pamakhala nthawi yoikika yoperekera dandaulo molemba. Nthawiyo ndi yaifupi. Uzani khansala wa wodi yanu ndi a buloko lida kuti akamva zoti kaundula watuluka akudziwitseni msanga, ndipo pokadandaula mutenge zithunzi za nyumbayo monga ilili lero: ming'alu ya khoma, malata a dzimbiri, chimbudzi chokumba.

Tsopano kalata. Ilembedwe kwa mkulu wa khonsolo, ndipo Chichewa n'chokwanira. Ikhale yaifupi. Tchulani dzina, nambala ya puloti, chaka chimene munayamba kukhala pamenepo, msinkhu wanu, ndi kumene mumapeza ndalama. Ngati mukulera ana amasiye kapena muli ndi matenda okhalitsa, nenani, ndipo muphatikizepo fotokope ya buku la kuchipatala ndi kalata ya a buloko lida yokuchitirani umboni. Kenako pemphani zinthu ziwiri momveka: kuti mudzilipira pang'onopang'ono, ndiponso kuti aganizire zokuchotserani chiwongoladzanja. Ine ndimawalangiza kuti atchule ndalama imene angakwanitsedi mwezi uliwonse, ngakhale ikhale yochepa, kusiyana ndi kulonjeza zambiri n'kulephera mwezi wachiwiri. Amene amadalira munda atchule miyezi yokolola ndi yogulitsa soya, mtedza kapena fodya. Pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo ndi tsiku, mubwerere nayo kunyumba. Tsiku lomwelo lipiraniko kangachepe. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ana amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg auzidwe chimene mwalonjeza, agawane miyezi.

Ndalama muzipereka kwa kashiya kapena kudzera njira imene khonsolo yalemba pa bilu, basi. Munthu wobwera pakhomo n'kunena kuti mumupatse kenakake akafafanize ngongole m'kompyuta, mubwezeni ndi ulemu.

Kwa amayi amasiye pali chinanso. Bilu ikamabwerabe m'dzina la malemu, ngongole siyifa nawo, imatsalira pa nyumbayo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma kuti dzina lisinthe pafunika chiphaso cha imfa ndi zikalata zoyendetsera chumacho. Yambirani ku ofesi ya DC, akuuzani ngati nkhaniyo ithera pomwepo kapena ipite kukhothi, ndipo amene alibe ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ndimaumirira pa izi chifukwa achibale ena amalipira ngongole ya msonkho mwakachetechete, pambuyo pake n'kumagwedeza malisitiwo ngati umboni woti nyumba ndi yawo.

Funsaninso ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ngati banja lanu lingalowe mu Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osauka ija inayambira kwa anzathu a ku Mchinji mu 2006. Siilipira msonkho wa nyumba, ndipo imasankha mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, koma kwa amene akuyenera imachepetsa katundu wina.

Katapila yekha ndiye musamuyandikire, makamaka wofuna mapepala a puloti ngati chikole. Ngongole ya msonkho ikasiyidwa zaka zambiri, lamulo limalola khonsolo kupita kukhothi ndipo nyumba ikhoza kugulitsidwa, izi n'zoona. Koma njira imeneyo imadutsa m'makalata ochenjeza ndi masamani, ndipo pa sitepe iliyonse pali mpata wokambirana. Wakatapila akagwira mapepala anu, mpata umenewo palibe. Ngati ndalama yoyambira yasowa, banki m'khonde ya gulu lanu kapena kuika walendi m'chipinda chimodzi cha kuseri ndi njira zabwinopo, bola ndalama ya lendi ya miyezi yoyamba ipite ku khonsolo isanalowe m'khitchini.