Kadyetsedwe ka kagalu kamtundu waukulu kuti mafupa ake alimbe

Munthu akagula kagalu ka Boerboel, Rottweiler, German Shepherd kapena Rhodesian Ridgeback kuti kadzalondere pakhomo, kaya pa boma pa Mangochi kapena m'nyumba za m'mbali mwa nyanja cha ku Monkey Bay, mtima wake umakhala pa chinthu chimodzi: kakule msanga, kanenepe, anthu aziopa. Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera. Galu amene adzapitirire makilogalamu 25 akadzakula amatenga miyezi 15 mpaka 18 kuti mafupa ake akhwime, ndipo mitundu ikuluikulu kwambiri imafika zaka 2. Msinkhu umene adzafike ndi wa kumtundu, chakudya sichingauwonjezere. Chimene chakudya chochuluka chimachita ndi kusenzetsa thupi lolemera pa mafupa anthete, mapeto ake galu amatsimphina, chiuno chimagwedera, ndipo vutoli amafa nalo.

Choncho kagalu kotere kazikula pang'onopang'ono, kali kowonda bwino. Mukasisita m'mbali mwake nthiti zizimveka mosavuta, ngati momwe mafupa a kuseri kwa dzanja lanu amamvekera, koma zisachite kuonekera patali. Mukakayang'ana kuchokera pamwamba, pakati pa nthiti ndi chiuno pazikhala polowa. Kakayamba kuoneka ngati mtondo, chepetsani chakudya ndi gawo limodzi mwa magawo 10, muonenso pakatha sabata. Muzikayeza pa sikelo sabata iliyonse ndi kulemba. Sikelo yokoloweka yoyezera chimanga ikwanira, bola kagaluko mukakhazike m'thumba mutu uli kunja.

Nkhani yaikulu ndi kashiyamu ndi fosiforasi, michere iwiri imene imamanga fupa. Iyenera kuyendera limodzi, kashiyamu atachulukirapo pang'ono, pafupifupi magawo 1.2 pa gawo limodzi la fosiforasi. Anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ena amadyetsa nsima ndi nyama yopanda mafupa, kapena madeya ndi msuzi. Nyama, chiwindi ndi madeya zili ndi fosiforasi wambiri koma kashiyamu ndi wochepa zedi, motero thupi limayamba kukumba kashiyamu m'mafupa momwemo. Miyendo yakutsogolo imapindika ngati uta, zikhatho zimaphwasuka, ndipo fupa limatha kuthyoka kagalu katangolumpha pakhonde. Ena, poopa zimenezi, amagula mapiritsi kapena ufa wa kashiyamu n'kumathira m'chakudya chogula chomwe chili kale ndi kashiyamu wokwanira. Galu wamkulu amataya kashiyamu wotsala, koma matumbo a kagalu kosakwana miyezi 6 sanaphunzire kukana, amangotenga wambiri mopyola muyeso. Chicherewecherewe cha molumikizira mafupa chimalephera kusanduka fupa bwinobwino, ndipo kagalu kamayamba kudandaula ndi mapewa kapena zigongono.

Ngati thumba likulola, njira yosavuta ndi chakudya cha m'sitolo cholembedwa kuti ndi cha tiagalu tamitundu ikuluikulu. Werengani kumbuyo kwa paketi: mapuloteni asachepere 22.5 peresenti, kashiyamu akhale pakati pa 1.2 ndi 1.8 peresenti. Mlingo wolembedwa pa paketi ndi poyambira chabe, chiweruzo chenicheni chili pa nthiti zija. Ndipo pa chakudya chimenechi musawonjezere kashiyamu wamtundu uliwonse. Kuno kumatentha, choncho gulani thumba loti lithe pa mwezi umodzi, mulisunge m'ndowa yotseka bwino pamalo ozizira, chifukwa mafuta ake sachedwa kuwola.

Ambiri amaphika okha, ndipo pamenepa anthu a m'mbali mwa nyanja muli ndi mwayi umene a kumtunda amaugula modula, womwe ndi usipa. Popeza umadyedwa wonse ndi mutu ndi minga yomwe, umapereka mapuloteni, kashiyamu ndi fosiforasi nthawi imodzi. Kwa kagalu ka miyezi 3 kolemera makilogalamu 10, chakudya cha tsiku lonse chingayambire apa: usipa wouma magalamu 120, ufa wa mgaiwa magalamu 150, dzira limodzi lowiritsa, supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira, dzungu kapena nkhwani zophika zodzaza dzanja, ndi theka la supuni yaing'ono ya zigoba za mazira zouma zosinjidwa mpaka zikhale ufa. Kawiri pa sabata onjezani kachidutswa ka chiwindi chophika, magalamu 50 basi, chifukwa vitamini A wa m'chiwindi akachuluka amawononganso mafupa. Tsukani usipawo kuti mchenga uchoke, uwiritseni, musinje, kenako muphike ndi ufa kuti likhale phala lolimba, osati nsima youma. Mchere, anyezi ndi zokometsera ayi. Kagalu kakamalemera, onjezani zinthu zonsezi mofanana. Osangowonjezera ufa wokha chifukwa ndi umene uli wotchipa, pakuti mukatero mwabwerera ku nsima ija. Dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa ziweto wa dera lanu auone mlingowu komanso miyendo ya kagaluko nthawi iliyonse mukapita kukabayitsa katemera.

Nsomba zonse ziziphikidwa. Zina za m'madzi opanda mchere zikakhala zaziwisi zimapha vitamini B1 m'thupi, ndipo galu wozidya tsiku ndi tsiku amataya chilakolako cha chakudya, amadzandira, nthawi zina mpaka kukomoka. Moto umathetsa vutoli. Chambo ndi kampango muzichotsa minga yake, chifukwa ndi yolimba komanso yosongoka. Nsomba zowambidwa ndi mchere wambiri zisiyeni.

Chenjezo lina lofunika kwambiri ndi la chuku. Chimanga, madeya ndi mtedza zimene zagwidwa chuku zimatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, ndipo chiwindi cha galu sichilimba naye. Chizolowezi chopatsa agalu ufa umene anthu aukana chifukwa cha fungo chapha agalu ambiri eni ake n'kumaganiza kuti wina wawathirira tameki. Zizindikiro zake ndi kukana kudya, kusanza, ndi nkhama kapena maso achikasu. Ufa umene simungadye inu, kagalu kasadyenso. Chakudya cha nkhuku nachonso si cha galu: cha nkhuku za mazira chili ndi kashiyamu wochuluka kwambiri, ndipo china chimakhala ndi mankhwala a matenda a m'matumbo a nkhuku amene amapha galu. Anyezi ndi adyo zimaswa maselo ofiira a magazi, ndiye chifukwa chake makombo a ndiwo zathu sali oyenera. Chokoleti ndi mphesa ndi zoopsa, mafupa ophika a nkhuku amabaya matumbo, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri.

Chakudya cha tsiku chigawidwe kanayi kuyambira masabata 8 mpaka miyezi 3, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri moyo wake wonse. Ikani mbale pansi kwa mphindi 15, chotsala muchotse, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala phala la nsomba limasasa pa maola ochepa. Dyetsani m'mawa kusanatenthe ndi madzulo dzuwa litapepa. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse, pamthunzi, m'chiwiya cholemera chimene kagalu sikangagubuduze. Agalu a chifuwa chakuya asamadye chakudya chambiri kamodzi kenako n'kuthamanga, chifukwa chifu chimatha kudzaza mpweya ndi kupotokola. Galu akatupa mimba, n'kumayesa kusanza koma osatuluka kanthu, thamangirani naye kwa dokotala ola lomwelo, pakuti akagona nazo sadzuka. Posintha chakudya chitani pa masiku 7, mukusakaniza chatsopano pang'onopang'ono ndi chakale.

Nthawi zina mwini galu amadyetsa bwino koma kagalu kamangokhala ka mimba yaikulu, ubweya wonyankhalala ndi msana wowonda. Musafulumire kuwonjezera phala, yambani mwaganizira njoka zam'mimba. Mankhwala a njoka aperekedwe masabata 2 alionse mpaka kagalu katakwana masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, ndipo kuchokera apo miyezi 3 iliyonse, mlingo wake motsatira kulemera komwe mwalemba kuja. Nkhupakupa nazo zimabweretsa matenda otha magazi, choncho kwezani mlomo wa kagalu sabata iliyonse muone nkhama. Zikhale zofiirira bwino, zikayera ngati pepala ndiye kuti pakufunika dokotala. Katemera wa chiwewe abayidwe pa miyezi 3, ndipo kagalu kosamaliza akatemera a parvo, matenda opatsirana a agalu osanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, kasamatuluke kukanunkhiza m'misewu kapena kudoko komwe agalu ena amatola nsomba zotayidwa.

Chakudya cha tiagalu chipitirire mpaka kulemera kwa pa sikelo kutaima kwa miyezi iwiri yotsatizana, zomwe kwa mitundu imeneyi kawirikawiri sizichitika miyezi 15 isanakwane. Pamenepo mungayambe kusinthira ku chakudya cha galu wamkulu, mwa masiku 7 omwe aja.