Momwe mungawerengere ndalama zokhalira ku Joni musanachoke ku Salima

Anthu ambiri kwathu kuno akamakonzekera ulendo wa ku South Africa amangowerengera pasipoti ndi tikiti ya basi. Ziwirizi zikapezeka amati ulendo wapsa. Komatu ndalama imene imasautsa munthu kunja ndi ija yotuluka pang'onopang'ono tsiku lililonse, pa zinthu zimene ku Salima kapena ku Nkhotakota sitiziwerengera n'komwe: moto wophikira, madzi, ndiwo zamasamba, kaulendo ka pa kabaza. Ngati mukupita kukakhala milungu ingapo kapena miyezi, kaya ndi kusukulu, kukadwazika m'bale kapena kukagwira ntchito, chitani izi musanakwere minibasi ya ku Lilongwe.

Choyamba: dziwani masiku amene mukuloledwa kukhala

Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo ndi masiku ochezera, osati ogwirira ntchito kapena kuphunzira. Wofuna kukhalitsa ayenera kupeza chilolezo choyenera asananyamuke. Malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, munthu akapyola masiku ake ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo akapyola kuposa apo chiletso chimakhala cha zaka zisanu. Izi zikukhudza thumba lanu mwachindunji, chifukwa wopanda mapepala sangatsegule akaunti ku banki, amavutika kupeza nyumba m'dzina lake, ndipo pa ntchito amangolandira zimene bwana wafuna kumupatsa.

Chachiwiri: funsani mitengo kwa amene ali komweko, muilembe m'marandi

Pezani munthu amene akukhala dera lomwe mukafikireko, osati wongodziwa Joni mwachisawawa. Musamufunse kuti "zinthu zili bwanji kumeneko?" chifukwa adzangoti zili bwino, bwerani. Anthu athu akakhala kunja sakonda kuulula kuti akuvutika. Mufunseni chinthu chimodzichimodzi pa WhatsApp: chipinda chimodzi ndi marandi angati pa mwezi, magetsi ndi madzi ali momwemo kapena ndi apadera, thumba la ufa la makilogalamu 10 akugula bwanji, takisi (minibasi ya kumeneko) yopita kumene muzidzapita ndi zingati popita ndi pobwera. Akakutumizirani chithunzi cha lisiti ya kusitolo ndiye bwino koposa.

Zonsezi lembani m'kope m'marandi. Kwacha yathu inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atasunga makwacha a ulendo anangodzuka ndalama yawo itachepa mphamvu ali m'tulo. Ndalama zakunja zimavutanso kupeza m'mabanki, choncho yambani kusintha pang'onopang'ono nthawi ikadalipo, m'malo ovomerezeka, ndipo sungani malisiti ake. Osintha ndalama a pachipata amadziwa kuti basi ikukudikirani, ndiye mtengo amatchula okha.

Chachitatu: mwezi woyamba muuwerengere pawokha

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mwezi woyamba sufanana ndi miyezi inayo. Eninyumba ambiri amafuna lendi ya mwezi ndi dipoziti yofanana ndi lendiyo musanalowe, kutanthauza kuti mukulipira kawiri musanagone n'komwe. Chipindacho mumachipeza chopanda kanthu. Mufunika matiresi, kasitovu ka magetsi, mapoto awiri, chidebe, loko wa pakhomo. Simu kadi nayo amafuna ilembetsedwe ndi pasipoti komanso umboni wa kumene mukukhala.

Palinso kuzizira, kumene ife a m'mbali mwa nyanja sitikudziwa bwino. Johannesburg ili pamalo okwera kwambiri, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa mumapeza udzu utachita mbuu ndi chisanu. Munthu wozolowera kugona ndi chitenje chokha ku Senga Bay akafika nyengo imeneyi amathamangira kugula mabulangete ndi chotenthetsera m'nyumba, chimene chimamaliza mayunitsi a magetsi mosayembekezeka. Gulirani kuno jekete lochindikala, juzi ndi bulangete pa kaunjika, zidzakupulumutsirani marandi ambiri.

Muwonjezereponso za m'njira. Basi yochokera ku Lilongwe imatulukira pa Dedza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenaka Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa, mpaka Park Station, depoti ya mabasi ku Johannesburg. Ndi ulendo wogona m'njira, ndipo pa Beitbridge mukhoza kukhalapo maola ambiri. Chakudya cha m'malo oima mabasi n'chodula, choncho tengani kamba wanu ndi madzi.

Chachinayi: pezani mtengo wa tsiku limodzi

Phatikizani lendi, magetsi, chakudya, mayendedwe, sopo ndi bandulo ya foni ya mwezi wonse, mugawe ndi 30. Chiwerengero chimenecho ndiye mtengo wa tsiku lanu limodzi. Tengani ndalama imene idzatsale mukachotsa za mwezi woyamba zija, muigawe ndi mtengo wa tsikuwo, muwone masiku amene mungakhale osalandira kalikonse. Akakhala osakwana miyezi iwiri pamene mukupita kukayamba moyo watsopano, ine ndinganene kuti dikirani kaye, muwonjezere.

Kwa amene muli ndi chilolezo cha ntchito, yerekezani ndi malipiro enieni. Kuyambira Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R28.79 pa ola, kuphatikizapo a ntchito za m'nyumba ndi za m'mafamu. Pa maola 45 pa mlungu, imeneyi inali pafupifupi R5,600 pa mwezi. Mukaisintha m'makwacha imamveka yambiri zedi, koma chotsanipo lendi ndi takisi muwone chotsala.

Pa chakudya pali njira yochepetsera. Boma la kumeneko limadula msonkho wa VAT wa 15 peresenti, koma zakudya zina sizidulidwa msonkhowu: ufa wa chimanga, mpunga, nyemba zouma, mazira, mkaka, buledi wa bulawuni, mafuta ophikira, masamba, zipatso ndi nsomba za m'chitini za mtundu wa pilchards. Izi ndi zakudya zathu zomwe, ndiye munthu wodziphikira nsima ndi nyemba amadya motchipa kusiyana ndi wogula tchipisi ndi nkhuku tsiku ndi tsiku. Gulani zambiri kamodzi m'masitolo akuluakulu monga Shoprite kapena Boxer. Timaokala ta m'makomboni, timene amati spaza, n'tothandiza mchere ukatha usiku, koma kugulako supuni ya shuga lero, kabotolo ka mafuta mawa, kumawononga ndalama osazindikira. Nyemba ziviikeni usiku wonse musanaziteleke, chifukwa kumeneko mukuphikira mayunitsi, si nkhuni zotola kuseri kwa nyumba.

Mayendedwe nawo muwaganizire posankha nyumba. Chipinda chotchipa chimene chikufuna matakisi awiri popita ndi awiri pobwera chikhoza kudula kuposa chipinda chokwererapo mtengo chapafupi ndi kumene mukupita. Ngati mukufikira kwa m'bale, gwirizanani poyera kuti muzisonkha zingati pa ufa ndi magetsi. Chibale chambiri chasokonekera ku Joni chifukwa cha mlendo amene anaganiza kuti ali kumudzi, kumene mbale ya nsima saiwerengera.

Chachisanu: patulani ndalama yosakhudza

Ndalama yobwerera kumudzi, kuyambira ku Park Station mpaka pakhomo panu, iikeni payokha ndipo musabwereke aliyense ngakhale atalira bwanji. Pambali pake sungani kena ka matenda. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a BP, a shuga kapena ma ARV, kambiranani ndi achipatala musananyamuke ndipo tengani buku lanu la kuchipatala. Mukamva kutentha thupi m'milungu yoyamba, auzeni adokotala kuti mwachokera kudera la malungo, chifukwa mu Johannesburg malungo safala ndipo mwina sangawaganizire msanga. Amalawi ambiri kumeneko ali ndi magulu osonkherana pa matenda ndi maliro. Lowani gulu limodzi mukangokhazikika, popeza kunyamula maliro kuchokera kumeneko kubwera kuno kwasaukitsa mabanja ambiri.

Chachisanu ndi chimodzi: gwirizanani ndi akumudzi musanachoke

Mukangofika mafoni ayamba: fizi, feteleza, denga likudontha. Khalani pansi ndi apabanja musananyamuke, muwawonetse kope lija, muwauze kuti miyezi iwiri yoyamba asayembekezere kanthu. Mukayamba kutumiza, tumizani kamodzi pa mwezi kudzera njira zovomerezeka monga Mukuru, chifukwa kutumiza tindalama tochepa kambirimbiri kumachulukitsa ndalama yodulidwa. Musanadinde, yang'anani zinthu ziwiri: imene akukudulani, ndi makwacha enieni amene wolandirayo akatenge ku Salima. Muuzeni chiwerengerocho pa foni kuti akawerenge asanachoke pa kauntala.