Momwe mungapangire seketi ya babu patebulo kuti mwana amvetse magetsi

Mwana wa achemwali anga ali kusekondale kuno ku Chipata, ndipo lamulo la magetsi la V = IR, lolumikiza voltage, current ndi resistance, amalinena ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku. Koma tsiku lina magetsi atathima, tochi nayonso inakana kuyaka. Nditamufunsa kuti vuto lili pati, anangoti, "Amalume, mwina moto watha m'mawaya." Apa ndinadziwa kuti masamu analoweza, koma magetsi sanawagwirepo ndi manja. Tinakhala pansi Loweruka lotsatira n'kuchita zimene ndikulongosolazi, ndipo zonse sizidya maola awiri.

Pezani mabatire awiri atochi a mavolti 1.5 (1.5 V) lililonse, mababu awiri aang'ono atochi zakale olembedwa 2.5 V, waya wamkuwa wokutidwa ndi pulasitiki, selotepi, katoni yolimba, timisomali tiwiri, kawaya kopanira mapepala ndi pensulo. Mabatire ali paliponse ku Kapata ndi ku Saturday Market. Chovuta ndi mababu, chifukwa matochi ambiri amasiku ano ndi a LED. Funsani kwa okonza mawailesi, iwo sataya kanthu.

Yambani ndi chipeso, mabatire adikire

Ng'ambani tizidutswa tapepala tating'onoting'ono. Khulani chipeso chapulasitiki pajuzi kapena patsitsi louma lopanda mafuta, kenako muchiyandikize kutimapepalato. Tidumpha n'kukakamira. Izi zimatheka bwino nyengo youma, kuyambira June mpaka October. M'dzinja mpweya umakhala wachinyezi ndipo mungakhule mpaka mkono kutopa.

Chachitika n'chakuti tinthu tosaoneka totchedwa ma electron tasamuka kuchoka patsitsi kupita pachipeso. Chinthu chilichonse chili ndi chaji yamitundu iwiri, ya + ndi ya −, ndipo nthawi zambiri zimalingana. Zikasiyana, chinthucho chimayamba kukoka kapena kukankha zinzake: zofanana zimathawana, zosiyana zimakokana. Mphezi ndi zomwezi, kungoti mitambo ndiyo yasonkhanitsa chaji yochuluka. Chaji imayezedwa m'ma coulomb.

Tsopano mangani seketi, njira yozungulira ya magetsi

Gundanitsani mabatire awiri aja, mutu wa lina ukhudze kumatako kwa linzake monga amakhalira m'tochi, n'kuwakulunga ndi selotepi. Apo mwapeza 3 V. Dulani mawaya atatu, musende pulasitiki kunsonga zonse, ndipo mkuwawo muupale ndi mpeni mpaka unyezimire. Waya woyamba uchoke pa + kupita pakansonga kapansi pa babu. Wachiwiri muukulunge pachitsulo cham'mbali mwa babu, upite pamsomali umodzi wobaya pakatoni. Wachitatu uchoke pamsomali winawo kubwerera pa −. Kawaya kamapepala kaja kakoleni pamsomali umodzi kuti kazitembenuka n'kukhudza unzake. Imeneyo ndiyo switchi yanu.

Babu likakana kuyaka, musafulumire kunamizira batire. Kawirikawiri pamakhala polumikiza pamodzi pamene selotepi yagwira pulasitiki m'malo mogwira mkuwa. Finyani polumikiza paliponse ndi chala, pamodzipamodzi, mpaka babu liphethire. Amene akugwiritsa ntchito LED akumbukire kuti iyo imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha: mwendo wautali upite ku +.

Pamene babu layaka ndi pamene pali phunziro lenileni, choncho musathamange. Mufunseni mwana kuti chimene chikutha m'batire n'chiyani. Ine ndinamutengera panja pomwe panali njinga, popeza mwana wa ku Chipata sangasowe kudziwa tcheni. Ukaponda pedulo, tayala lakumbuyo limatembenuka nthawi yomweyo, chifukwa tcheni chinalipo kale njira yonse. Tcheni sichitha, chimangozungulira. Amene amatha mphamvu ndi wopalasa. M'seketi namonso ma electron ali kale mumkuwa, batire limangowakankha, ndipo ochuluka momwe alowera m'babu ndi momwenso amatulukira. Chimene babu limadya ndi mphamvu yochokera m'mankhwala a m'batire, n'kuisandutsa kuwala ndi kutentha. Ma electron enieniwo amayenda mwaulesi, safika ndi milimita imodzi pasekondi, koma babu limayaka pompopompo chifukwa onse amasuntha limodzi. Mukachotsa kawaya ka switchi pamsomali zili ngati tcheni chaduka: palibe chikuyenda kulikonse.

Ndi njinga yomweyi mawu atatu apamayeso aja amakhazikika. Voltage ndi kukula kwa kukankha. Current ndi kuchuluka kwa chaji yodutsa pamalo amodzi pasekondi iliyonse, ndipo ampere imodzi ndi coulomb imodzi pasekondi. Resistance ndi chitunda, monga cha ku Kanjala, chimene chimachititsa kuti kukankha komweko kuyendetse tcheni pang'onopang'ono.

Pali kanthu kamodzi kosokoneza ana ambiri. M'buku muvi wa current umachoka pa + kupita pa −, koma ma electron amayenda chobwerera, kuchoka pa − kupita pa +. Si kuti bukulo lalakwa. Mayina a + ndi − anawakhazikitsa Benjamin Franklin m'ma 1740, ndipo electron anaitulukira J. J. Thomson mu 1897, anthu atazolowera kale kujambula muvi mwanjira yakaleyo. Pamayeso jambulani wa m'buku.

Yesani zinthu zam'nyumba

Chotsani kawaya kamapepala, pakati pa misomali paikidwe supuni, ndalama yachitsulo, mphira, kamtengo kouma. Zoyatsa babu ndi zodutsitsa magetsi, zokana ndi zotchinga. Chokoma kwambiri ndi pensulo. Ing'ambeni mosamala m'litali kuti mtima wake wakuda uonekere, mugunditse waya wapamsomali umodzi kunsonga, wapamsomali winawo muziwuyendetsa pamtimawo. Mukamatalikira babu limazilala, mukamayandikira limawala. Mwaona resistance ikukula ndi kutalika kwa njira.

Masamu abwere tsopano. Mababu ambiri otere amalembedwa 0.3 A, kutanthauza ma ampere 0.3. Tikati current ndi imeneyo pa 3 V, lamulo la Georg Ohm la mu 1827, V = IR lija, likutipatsa resistance R = 3 ÷ 0.3, omwe ndi ma ohm 10. Pamphindi imodzi chaji yodutsa ndi 0.3 × 60, ma coulomb 18.

Mababu awiri

Alumikizeni motsatizana panjira imodzi, ndiye series imeneyo. Onse awala mofooka chifukwa akugawana 3 V, ndipo mukachotsa limodzi linzake lizima. Ma LED oyera awiri motere sayaka n'komwe, mphamvu imawachepera. Kenako lililonse mulipatse njira yakeyake yochoka ndi kubwerera kubatire, ndiyo parallel. Onse awala mokwana, koma mabatire atha msanga. Nyumba zathu zimalumikizidwa motere, n'chifukwa chake babu lakukhitchini likapsa la pabalaza silizima.

Chenjezo ndilinena mosanyengerera. Musagunditse + ndi − ndi waya wokha popanda babu pakati. Ine ndinachitapo ndili mnyamata ndipo chala chinatuluka thuza. Batire lafoni, lagalimoto kapena la sola la 12 V lisalowe m'masewerawa, chifukwa likagundana limasungunula waya ndipo lingayatse moto, n'chifukwa chake pawaya wa sola pamafunika fyuzi pafupi ndi batire. Soketi yapakhoma ndiye musaiyandikire n'komwe. Magetsi a ZESCO ndi 230 V, ndipo amapha, makamaka manja akakhala onyowa.

Titamaliza ndinamupatsa tochi ija osanena kanthu. Anatulutsa mabatire n'kuwayesa paseketi yake, babu linayaka. Anasuzumira m'kati n'kupeza kuti sipuling'i yakumatako yachita dzimbiri. Anaipala ndi msomali, nabwezera mabatire, n'kundiwalitsa m'maso. "Amalume, tcheni chinaduka apa."