Momwe Mungamwere Maantibayotiki a Chiseyeye Osawononga Nkhama Zanu

Dzino silingoima lokha m'kamwa. Muzu wake umamangiriridwa ku fupa la chibwano ndi timinyewa ta puloteni yolimba yotchedwa kolajeni, topangidwa ndi maselo otchedwa fibroblast. Chiseyeye chikakula timinyewati timaduka, fupa limadyeka, dzino n'kuyamba kugwedera. Maantibayotiki amathandiza, koma pokhapokha mutatsata ndondomeko.

Choyamba, kayezetseni. Dokotala wa mano amalowetsa kachitsulo kokhala ndi zizindikiro pakati pa dzino ndi nkhama. Mamilimita 1 mpaka 3 ndi bwino; kuyambira 4 ndiye kuti pakumbika kadzenje.

Chachiwiri, akupaleni zokanirira za pamizu musanamwe mankhwala. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mabakiteriya amamatirirana pa muzu n'kudzikuta ndi nanda yomwe mankhwala amalephera kuiboola. Mukangomwa makapisozi osapalitsa, kutupa kumaphwa kwa kanthawi, kenako kumabwereranso. Odwala ambiri kupalako kumawakwanira, safunikanso maantibayotiki.

Chachitatu, imwani okhawo amene dokotala walemba. Matenda akakula kwambiri, kawirikawiri amapereka amoxicillin pamodzi ndi metronidazole, katatu patsiku kwa masiku 7. Ngati penicillin amakuwengani, nenani msanga, poti amoxicillin ndi wa gulu la penicillin. Mowa ayi, mpaka patadutsa maola 48 chimalizireni metronidazole.

Doxycycline, mtundu wina wa maantibayotiki, amagwira ntchito mwanjira ina. Maselo a m'nkhama amamuyamwa n'kumusunga, ndipo pa mlingo wochepa wa 20 mg kawiri patsiku sapha mabakiteriya, koma amafooketsa maenzayimu amene amadya kolajeni. Mezani ndi madzi odzadza tambula, musagone kwa mphindi 30, apo ayi amawotcha kummero. Mkaka, mapilitsi a ayironi ndi mankhwala a chilungulira zitalikirane naye ndi maola 2 kapena 3, chifukwa zimamulepheretsa kulowa m'magazi. Amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8 sapatsidwa, poti angathimbiriritse mano amene akukula.

Chonde, musamatsegule kapisozi n'kuthira ufa wake pa nkhama. Ufa wa tetracycline, mankhwala a gulu limodzi ndi doxycycline, ndi wa asidi kwambiri: umasungunula pamwamba pa muzu, ndipo ukachuluka umapha maselo omwewo ofunika kuti bala lipole.

Pakatha milungu 6 mpaka 12, bwererani akayezenso madzenje aja. Podikira, tsukani mano kawiri patsiku, m'mipata momwe. Nkhope ikatupa, thupi likatentha kapena mukamavutika kumeza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.