Momwe Mungafufuzire Mbiri ndi Chiwerengero cha Anthu a Mudzi Waung'ono ku Greece

Musanayambe kuyang'ana ziwerengero, tsimikizani kaye dzina la mudziwo. Midzi yambiri ya ku Greece inali ndi mayina ochokera ku zilankhulo za Asilavo, za ku Turkey kapena za ku Albania, ndipo boma linawasintha kuti akhale a Chigiriki, makamaka pakati pa 1926 ndi 1928. Mukafufuza ndi dzina lamakono lokha, mbiri yonse ya m'mbuyomo idzakubisalirani. Nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Pandektis imasonyeza dzina lakale ndi latsopano.

Kenako dziwani chaka chimene deralo linakhala gawo la Greece, chifukwa mudziwo sungapezeke m'kalembera wa dzikolo chakacho chisanafike. Thessaly analowa mu 1881, Macedonia ndi Crete mu 1913, pomwe zilumba za Dodecanese zinaperekedwa mu 1947. Za nthawi ya ulamuliro wa Ottoman, ufumu wakale wa ku Turkey, muzipeza m'mabuku a msonkho, omwe ankawerenga mabanja osati munthu aliyense payekha.

Tsopano lembani mondandalika zotsatira za kalembera wa 1928, 1940, 1951 ndi wa zaka khumi zilizonse kufikira 2021, zomwe bungwe loona za ziwerengero ku Greece lotchedwa ELSTAT limasunga. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, choncho musapupulume. Akalembera akale ankawerenga aliyense wopezeka pamalopo tsiku lowerengalo, ndipo anthu okhala ku Athens kapena ku Thessaloniki ankapita dala kwawo kuti akawerengedwe kumudzi, poopa kuti mudzi wawo ungaoneke wochepa n'kutaya thandizo la boma. Motero mudzi unkaoneka wodzaza pa pepala pomwe nyumba zambiri zinali zotseka. Yerekezani anthu okhazikika ndi okhazikika anzawo, osati ndi ongopezekapo. Samalaninso ndi malire, popeza malamulo okonzanso makhonsolo otchedwa Kapodistrias (1997) ndi Kallikratis (2010) anaphatikiza midzi yambiri pansi pa khonsolo imodzi, ndipo chiwerengero cha khonsolo si cha mudzi.

Paliponse pamene chiwerengero chakwera kapena chatsika modzidzimutsa, funsani chimene chinachitika. Kukwera kwa mu 1928 kawirikawiri kumachokera ku mgwirizano wa ku Lausanne wa 1923, pamene Akhristu oposa 1 miliyoni ochokera ku Turkey anakhazikika mu Greece, Asilamu n'kuchoka. Kutsika kwa pakati pa 1940 ndi 1951 kumasonyeza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi nkhondo yapachiweniweni ya 1946 mpaka 1949, yomwe inasamutsa anthu ambiri a kumapiri. Koma chimene chinapululutsa midzi yambiri ndi zaka za m'ma 1960, pamene achinyamata anakhamukira m'mizinda, ku West Germany ndi ku Australia kukafuna ntchito.

Mayina a anthu enieniwo muwapeza m'kaundula wa khonsolo wotchedwa dimotologio, m'kaundula wa amuna, m'mabuku a ubatizo a kutchalitchi, ndi kunthambi za GAK zosunga zolembedwa zakale za boma. Ine ndimaona kuti kaundula wa sukulu ndi wofunika koposa, chifukwa chaka chimene sukulu inatsekedwa chimasonyeza nthawi imene mabanja achinyamata anatha m'mudzimo.

Mukafuna kucheza ndi okalamba, pitani mu Ogasiti, pamene ochoka amabwerera kudzachita chikondwerero cha tchalitchi cha pa 15 Ogasiti. Koma kuti mudziwe okhalamo enieni, bwereraninso mu Januwale, muwerenge nyumba zimene muli anthu.